Kabuku ka Apongozi Kanapasula Banja ku Dubai

1

Dzina langa ndine Towera. Ndimayala mabedi pa hotela ina ku Business Bay, chaka chachisanu chino. Nkhani imene ndikukuuzaniyi yandikhala pakhosi ngati munga wa nsomba, ndipo ndaona kuti ndikapanda kuilavula indipha.

Amuna anga ndi a Rodrick, a sekiyuriti pa nsanja ina ku Downtown. Iwo amagona ku nyumba za kampani yawo, amuna asanu ndi atatu chipinda chimodzi. Ine ndimagona ku nyumba za hotela. Mwana wathu Favour tinamusiya ku Zomba ali ndi zaka zinayi. Malo okhawo amene tinkakumanako ngati anthu apabanja anali ku Hor Al Anz, kwa alamu anga a Noel, mng'ono wawo wa a Rodrick, amene ankachita lendi kachipinda ndi mkazi wawo Rejoice.

Rejoice ndi wa ku Lusaka, mtsikana wa nsangala, woseka ndi thupi lonse. Ankagwira ntchito pa shopu yotayipa makalata a maviza ndi kupanga fotokope. Nthawi imeneyo n'kuti ali ndi pakati pa miyezi isanu ndi iwiri. Ndi iyeyo amene anandipatsa kiyi wa chipinda chawo.

"Ba sisi, pano ni panyumba panu," anatero. "Mukankhala pa ofu, bwelani muphikeko. Osagogoda iyai."

Pansi pa bedi lawo pankakhala kasutikesi kakale ka malemu apongozi anga. Munali Baibulo lawo, jekete, makalata, ndi kabuku kena ka zithunzi, aja amati komiki, kopanikizidwa pakati pa timatabwa tiwiri. A Rodrick anakana kusunga sutikesiyo kwawo chifukwa eyakoni ya m'chipinda mwawo inkadontha ngati denga la udzu.

2

Apongozi anga, a Likongwe, anali khukhi wa mphunzitsi wina wa ku Amerika pa sukulu ina ya sekondale kufupi ndi Zomba. Mzunguyo pobwerera kwawo mu 1969 anawasiyira kabukuko, poti tsiku lina anawapeza ataima ndi tsache m'manja, maso ali pa zithunzi, mpunga ukupserera kukhitchini. Kanali ka ubwana wake. Pachikuto panali chimunthu cha zovala zachikasu chitasenza mlatho paphewa, sitima ikudutsa pamwamba. Dzina lake lachizungu apongozi linkawakanika, ndiye ankangomutcha Bambo Mphenzi. Chingerezi sankawerenga, koma ana awo ankawakhazika pansi n'kuwafotokozera tsamba ndi tsamba, nkhani yopeka okha, Bambo Mphenzi akulankhula Chiyao.

Atamwalira, a Rodrick sanalimbirane mbuzi kapena malata. Anangotenga sutikesi ija.

Ndiye Lachiwiri lina masana foni yanga inalira ndili m'chipinda cha alendo, pilo ali m'manja.

"Amake Favour, khala pansi!"

"Ndili pa ntchito, abambo. Kwagwanji?"

"Khala pansi, ndakuuza! Tasiyana nawo umphawi!"

Mnzawo wina wa pa ntchito, Andy wa ku Philippines, anaona chithunzi cha chikuto chija pa foni yawo, chimene anajambula chaka chatha. Akuti anatsala pang'ono kugwa pampando. Anachitumiza kwa bambo wina amene amagulitsa mabuku akale otere, ndipo pasanathe ola bamboyo anaimba yekha.

Akuti kabukuko kanasindikizidwa mu 1941, pa pepala lotchipa la nyuzipepala, ndipo ana ankakagula ndi tindalama ta masiwiti. Kanali koyamba kutulutsa chimunthu chija. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itavuta, mapepala akale ankasonkhanitsidwa n'kukagayidwa, otsala amayi anataya posesa m'nyumba. Odziwika kuti alipo dziko lonse lapansi sakwana makumi atatu. Kakakhala kabwinobwino, akuti miliyoni imodzi ndi theka ya madiramu, ndalama za kuno, inali yosachita kupempha.

"Koma wanenetsa," a Rodrick anatero. "Akuti tisakagwire, tisakatsegule, tisakaonetse dzuwa. Tinyamule sutikesi momwe ilili, adzatsegula yekha atavala magolovesi. Ali ku ulendo, abwera sabata yamawa Lachinayi. Towera, ukundimva? Bwanji wangoti zii?"

"Ndikumva," ndinatero. Ndinakhala pa bedi la mlendo, chinthu chimene amachotsera munthu ntchito.

Mawa lake madzulo a Rodrick anaimbira Favour, ine atandilumikiza pa foni yomweyo. "Mwanawe, uyambe kutsanzika anzako. Chaka chino ukubwera kuno, tizidzagona nyumba imodzi, iwe, ine ndi amako." Mwana anakuwa mpaka foni inachita phokoso.

3

Masiku asanu ndi anayi amenewo chakudya sichinkandilowa. Anzanga ankandiseka kuti ndalama zandidwalitsa zisanafike.

Lachinayi lija tonse anayi tinapempha ofu. A Noel ananyamula sutikesi pachifuwa ngati khanda, ndipo mu sitima ya metro ankayang'ana aliyense ngati wakuba.

"Achimwene, kasutikesi aka kayamba kulemeratu," anatero.

"Ndalama zimalemera, mphwanga," a Rodrick anayankha. Rejoice anaseka mpaka kugwira mimba.

Shopu ya wogulitsa mabuku uja inali yozizira ngati mochale. Mwini wake anali bambo wachikulire wa ku Lebanon, wa magalasi pamphuno. Anatipatsa khofi m'timakapu ting'onoting'ono, anavala magolovesi oyera, n'kutsegula sutikesi pang'onopang'ono. Anachotsa jekete. Anachotsa Baibulo. Anamasula chingwe cha timatabwa tija.

Kenako anangoima. Anavula magalasi, anawapukuta, anavalanso.

Kabuku kanalipo, inde. Koma tsamba lililonse linali litadulidwa pamsana, lililonse lomatidwa m'pulasitiki yolimba yonyezimira, lamineti ija timachitira masatifiketi. M'mbali munali mabowo, onse atamangidwa ndi kawaya kozungulira ngati lipoti la ku ofesi.

"Habibi, mnzanga," bamboyo anatero motsitsa mawu, "wachita izi ndani?"

A Rodrick anaseka kaseko kopanda mano. "Si pulasitiki chabe, bwana? Timatula."

"Simungamatule. Makina aja amatentha, guluu walowa m'pepala. Mukakoka, inki ikutsatira. Msana wadulidwa, timawaya take toyambirira tatayidwa. Inu, kabukuka kanapulumuka nkhondo, kanawoloka nyanja, kanakhala mu Africa zaka makumi asanu osadyedwa ndi chiswe. Bambo anu anakasunga bwino kuposa anthu ophunzira. Kafera kuno, posachedwapa." Anapukusa mutu, maso ake atafiira. "Ndingakupatseni madiramu zikwi ziwiri, kuti ndizikaonetsa anthu zimene sayenera kuchita. Khalas, zatha."

A Rodrick anagwira tebulo ndi manja onse awiri. Sindinawaonepo akulira, ngakhale pa maliro a bambo awo. Tsiku limenelo analira pamaso pa mlendo, kamwa lili yasa, mawu osatuluka.

4

Tinabwerera ku Hor Al Anz. Chitseko chitangotsekedwa, a Rodrick anagwira mng'ono wawo pakolala.

"Sutikesi inali m'nyumba mwako, iwe!"

"Achimwene, ndikulumbira pa manda a bambo, sindinaitsegule!"

"Ndiye anatsegula ndani? Mizimu ili ndi makina a lamineti?"

Mawu amenewo atangotuluka, chipinda chinazizira. A Noel anatembenuka pang'onopang'ono n'kuyang'ana mkazi wawo. Tonse tinkadziwa chimene chinali pa kauntala ya shopu ya Rejoice. Tonse tinkakumbukiranso za Khirisimasi, tsiku limene a Rodrick anatulutsa kabukuko kuti ationetse, kachidutswa ka chikuto n'kugwera pansi. Rejoice anati, "Aka kabuku kazasila. Tsiku lina nizakachita laminate."

"Ba Noel, mwaniyangana bwanji?" Rejoice anafunsa. "Ninakamba chabe. Sininakagwilepo."

"Unanena pamaso pa tonse."

"Ninali kuseka! Nanga kiyi nili nayo neka?"

A Noel anandiyang'ana. "Alamu, pepani, ndingofunsa. Inu simunaigwire?"

"Ine?" ndinatero. "Sutikesi imeneyi ndinaiona komaliza pa Khirisimasi."

"Towera sagwira zinthu za bambo osandifunsa," a Rodrick anadula. "Musamulowetsemo mkazi wanga."

Basi, mlandu unathera pomwepo. A Noel sanamumenye, ayi, kuno dzanja limakutengera kundende. Koma pali mawu ena oposa mbama. Anamuuza kuti wadya tsogolo la banja lonse la a Likongwe. Anamuuza kuti munthu wolakwa n'kuvomera amakhululukidwa, koma wabodza sagona naye chipinda chimodzi. Anatenga bulangete n'kusamukira kwa anzawo.

Rejoice sanalire. Anangokhala pa bedi atagwira mimba yake, akuyang'ana khoma.

5

Sabata ziwiri zinadutsa a Noel osabwerera. Nkhani inafika pa gulu la pa foni la Amalawi a kuno, ndipo mukudziwa m'mene timachitira. Ena ankati Mzambiayo anagulitsa kenikeni n'kuikamo kabodza. Ena ankati ndi nsanje. Kutchalitchi azimayi anayamba kusuntha akakhala pafupi nawo.

Tsiku la ofu yanga ndinamugulira malalanje n'kupita. Ndinagogoda.

"Mwayamba kugogoda manje?" anatero potsegula.

Anali ataonda kumaso, mapazi atatupa. Pakona panali chikwama chachikulu chotsegula, tizovala ta mwana titapindidwa pamwamba.

"Ukupita kuti, Rejoice?"

"Ba Noel bakamba ati Sande kuli ankhoswe pa foni. Nikavomela na kupepesa, bazabwela. Nikakana, niyende kwatu." Anasenda lalanje limodzi koma sanadye. "Ba sisi, mwana uyu azabadwa mwezi wa mawa. Nimufuna abadwe atate bake balipo. Manje nivomele chintu chamene sininachite?"

"Mwina... mwina mtima wawo ukhala pansi okha."

"Imwe muziba kuti sindine, te?"

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Ine maso anali pa makoko a lalanje.

"Ndikudziwa kuti ndiwe munthu wabwino," ndinatero.

"Sindiye chamene nafunsa."

Ndinanamizira kuti basi ya kampani indisiya. Nditatsika masitepe ndinasanza m'mbali mwa msewu, dzuwa likuswa mtengo, amwenye a pa shopu ya ndiwo akundiyang'ana.

6

Lamulungu masana tinasonkhana m'kachipinda kaja. Pa foni panali a Maclean, malume awo a amuna athu, ali ku Zomba atavala jekete, ndi azakhali ake a Rejoice, a Namakau, ali ku Lusaka. Poti ine ndinalibe mbali pa mlanduwo, anandipatsa foni kuti ndiziigwira, ndiziloza kwa amene akulankhula.

A Maclean analankhula mofatsa. Anati chuma chimapita, banja limatsala. Anati mwana wawo Noel wavomera kukhululuka, chofunika n'chakuti mkazi avomere kulakwa, agwade, apepese kwa mwamuna wake ndi kwa alamu ake, nkhani ithe.

"Rejoice, mwana wanga," a Namakau anatero, "chikwati ni kupilila. Gwada chabe. Ganizila mwana ali mumala."

"Towera, loza foni kwa iyeyo," a Rodrick anandiuza.

Ndinaloza. Ndinamuonera pa galasi la foni, ngati kanema. Anagwira m'mphepete mwa bedi. Anatsitsa bondo limodzi, akupuma movutika, mimba ikumukoka. Bondo lachiwiri linagunda matailosi, phokoso lake ndimalimvabe mpaka lero. A Noel anayang'ana kumbali. Palibe anamugwira dzanja.

"Ba Noel, ba mulamu," anayamba, "nine..."

Sanayang'ane mwamuna wake. Anayang'ana ine, kudutsa foni ija.

Ndinaitembenuza foniyo n'kuiloza nkhope yanga.

"Malume, ndine. Ndinachita ndine. Rejoice, dzuka, chonde dzuka!"

Awerengi, ndi ine. Ndakubisirani mpaka pano monga ndinabisira iwo. Sabata ziwiri Andy asanaone chithunzi chija, ndinalowa ndi kiyi wanga masana, eni ake ali ku ntchito. A Rodrick ankakwanitsa zaka makumi anayi mwezi wotsatira, ndipo ndinkafuna kuwapatsa mphatso yoti sadzaiwala. Mawu a Rejoice a pa Khirisimasi anali atandikhala m'mutu. Ine ndi munthu woti chinthu chothetheka sindichionerera, ntchito yanga ndi kuwongola zopindika. Komanso satifiketi yanga ya Fomu 2 inadyedwa ndi chiswe kwathu, ndipo kuyambira pamenepo pepala lililonse laphindu ndimalichita lamineti. Ndani wa ife sachita? Khadi la ubatizo, kalata ya ukwati, chithunzi cha malemu, zonse timamata.

Sindinapite ku shopu ya Rejoice, kuopa kuti angaulule chinsinsi. Ndinapita ku ina ya ku Naif. Bambo wa pamenepo anakatembenuza kabukuko, n'kundifunsa kawiri konse. "Madam, ndidule? Pakka, mwatsimikiza?" Ndinati dulani, yalla, fulumirani, ndikuchedwa. Ndinachita kunenerera mtengo mpaka ananditsitsira. Timawaya tadzimbiri tija ndinataya ndekha m'bini. Ndinatuluka ndikumwetulira, ndikudziona ngati mkazi wanzeru kuposa onse mu Dubai. Kabukuko ndinakabweza m'sutikesi, pakati pa timatabwa take, kuti kadikire tsiku la mphatso.

Tsiku limene a Rodrick anaimba, ndinafufuza pa foni n'kudziwa chimene ndinachita. Ndinamatitsa kapepala kena n'kuyesa kumatula, ndi lezala, ndi nthunzi ya ketulo, ndi ayironi ya ku hotela. Kanang'ambika katatu konse. Ndinkati ndinena mawa. Mawa n'kumva akuuza Favour za ndege. Ndinkati ndinena tisanalowe mu shopu. Ndinkati ndinena tikafika kunyumba. Ndiye a Noel atandifunsa, bodza linatuluka lokha, losalala, ngati linkangodikira pakhomo.

Zonsezi ndinazinena ndikulira, mamina ali chuchuchu. Ku Zomba a Maclean anagwira kumutu. Ku Lusaka ndinangomva, "Mayo ine!"

A Noel anathamangira kukamudzutsa mkazi wawo. Rejoice anakankha dzanja lawo. Anagwira bedi n'kudzuka yekha.

7

Ndinkaganiza kuti ndikavomera, banja lawo lipulumuka. Ndinachedwa.

Rejoice ananyamuka Lachisanu lotsatira, masiku oti ndege imulole kukwera atatsala ochepa. A Noel anagwada iwo tsopano, pa matailosi omwewo, koma chikwama chinatsekedwa. Ndinapita kukamuthandiza kunyamula, ndipo sanandithamangitse.

"Ninaziba kuti ndimwe," anandiuza. "Kuchokela tsiku lija munagogoda. Ninali kuyembekeza kuti mukambe mweka."

"Bwanji sunandinene?"

"Nani angananimvela? Imwe munanama chifukwa cha mantha, ba sisi, icho nimvetsa. Koma uja mwamuna wanga ananiyangana mumaso, namuuza zoona, anasankha pepala. Ananisiya nigwade na mimba. Icho sichizachoka."

A Rodrick sanandisiye ukwati, koma anatha mwezi osandiyankha foni. Titakumana anangonena mawu awa: "Ukanandiuza tsiku lomwe lija, ndikanakalipa, ndikanalira, pofika Lamulungu tikanadyera limodzi. Unali ndi mtima wabwino pomata kabuku. Pomusiya mwana wa eni agwade, unali ndi mtima wanji?" Favour tinamuuza kuti ulendo wasintha. Anangoti "chabwino," ndipo sanafunsenso.

Inu amene mukuwerenga, makamaka anzanga amene tili kunja kuno, ndimvereni. Ngati kwanu kuli pepala lakale la makolo, buku, chithunzi, kalata, musathamangire kulikonza. Funsani odziwa kaye. Koma si chimene ndalembera. Cholakwa changa choyamba chinali cha umbuli, ndipo umbuli umakhululukidwa. Chachiwiri ndinachichita ndi maso otsegula, tsiku ndi tsiku, kwa sabata zitatu ndi theka, ndikudya ndi munthu amene ankasenza mlandu wanga. Mukalakwa nenani lero, m'kamwa mukadali mowawa. Mukadikira, wina adzalipira, ndipo kawirikawiri amakhala amene anakutsegulirani chitseko.

Rejoice anachira mwezi watha ku Lusaka, mwana wamkazi. Nambala ya a Noel anaitseka, ya a Rodrick anaitseka. Yanga yokha anaisiya, sindikudziwa chifukwa chake. Anatumiza chithunzi chimodzi, popanda mawu.

Dzulo masana a Noel anabwera ku geti la hotela, atavala yunifomu, thukuta lili kamukamu. Chiyambire tsiku la ankhoswe anali asanandilankhule. Anaima patali pang'ono, manja kumbuyo, ngati munthu wodzapempha ganyu.

"Alamu," anatero, "ndamva kuti muli ndi chithunzi cha mwana wanga. Mungandilole ndimuoneko?"